Kodi feteleza ndiye wagugitsa munda wanga?

"Ndili ndi munda wa ekala imodzi ndi theka kuno ku Lunzu, wa katondo, wotsetsereka pang'ono. Ndakhala ndikulimamo chimanga chaka ndi chaka chilandirireni mundawu kwa malemu mayi anga. Kale ndikathira thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la yureya ndinkakolola matumba 25, koma zaka zino ndikafika 13 ndiye kuti ndachita mwayi. Dothi latuwa, lauma gwa, mvula ikagwa madzi amangothamanga pamwamba. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti feteleza wadya kaboni wa m'nthaka, ndipo anzanga akumpingo akuti ndisiyiretu feteleza wa kusitolo ndiyambe wa Mbeya. Mapesi ena timasonkhezera moto, ena mbuzi zimadya, otsala anyamata osaka mbewa amatentha. Kodi ndisiye feteleza?" Watero mayi wina wa ku Lunzu.

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima wanu ukhale m'malo. Munda wanu sunafe. Matumba awiri pa ekala imodzi ndi theka si mlingo woti n'kupsereza nthaka. Kunena zoona ndi wochepa poyerekeza ndi umene chimanga cha haibulidi chimafuna. Mwana wanu walondola ponena kuti kaboni wachepa, pakuti zonse mwatchulazi, dothi lotuwa, louma gwa, losamwa madzi, ndi zizindikiro za nthaka imene zowolerana zake zatha. Pomwe ndikusiyana naye ndi pa chimene chayambitsa vutoli. Kwa ine nkhani yagona pa mapesi aja mwawatchula kumapeto kwa kalata, osati pa thumba la yureya.

Kaboni tikunenayu ndi amene ali m'zotsalira za zomera ndi zamoyo zomwe zinawolerana n'kusakanikirana ndi dothi: mizu yakale, masamba, ndowe, ndi matupi a tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timagaya zonsezi. Ndi zimene zimadetsa dothi la padzala kapena la pansi pa mtengo wa mango, lija mukalifumbata limakhala lofewa, la timibulu, lonunkhira bwino. Pa makilogalamu 100 a zowolerana zoterezi, pafupifupi 58 amakhala kaboni, n'chifukwa chake oyeza dothi amangoyeza kaboniyo kuti adziwe kuchuluka kwa zowolerana zonse. Ntchito yake ndi yaikulu. Amamata dothi kukhala timibulu, ndipo m'mipata ya timibuluto ndi momwe madzi ndi mpweya zimadutsa. Amasunga chinyezi. Amagwiranso michere ya feteleza kuti isatsukike ndi mvula, chinthu chofunika zedi pa katondo wathu wofiirayu chifukwa dongo lake palokha siligwira michere yambiri. Kaboni akachepa, feteleza yemweyo amene ankakupatsani matumba 25 amayamba kukupatsani 13: wina akukokoloka, wina akulowa pansi kupitirira mizu, chimanga nacho chikumafota mvula ikangodula sabata imodzi. Apa ndi pamene anthu amati nthaka yazolowera feteleza, pomwe chachitika n'chakuti yatha mphamvu yomusunga.

M'thumba la feteleza mulibe kaboni woti n'kukhala m'nthaka. Wokulitsa uja wa 23:10:5+6S+1Zn muli nayitirojeni, fosifolasi, potaziyamu, salufa ndi zinki pang'ono. Yureya muli nayitirojeni 46 pa 100. Kaboni alimo ndithu, gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, koma ameneyo amauluka ngati mpweya pakangopita masiku ochepa yureya atasungunuka. Chimene chimabweretsa kaboni m'munda ndi mbewu. Masamba amakoka mpweya wa mumlengalenga n'kuusandutsa phesi, muzu ndi njere. Feteleza amangokulitsa mbewuyo. Zoti kaboni wa mbewu yokulayo atsala m'munda kapena ayi, akugamula ndinu, mbuzi zanu, ndi anyamata a mbewa aja.

Kaboni wa m'nthaka ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: chaka chilichonse china chimalowa, china chimatuluka. Tiyeni tiwerengetsere pa ekala imodzi. Dothi la pamwamba, lakuya masentimita 20, limalemera pafupifupi matani 1,000 pa ekala. Ngati lili ndi kaboni 1 pa 100, ndiye kuti muli matani 10 a kaboni. Kuno kwathu kotentha, pa nthaka yolimidwa chaka ndi chaka, tizilombo tija timadya magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse pachaka, omwe ndi makilogalamu 200 mpaka 300, ndipo kugalauza mizere kumafulumizitsa ntchitoyo chifukwa kumaphwanya timibulu n'kulowetsa mpweya. Nanga cholowa? Chimanga chikabereka matumba 20 pa ekala, omwe ndi tani imodzi, mapesi ake ouma amalemeranso pafupifupi tani imodzi, ndipo mu tani imeneyo kaboni ndi makilogalamu 400 kapena kuposerapo pang'ono. Si yense amene amakhazikika. Wambiri amadyedwa chaka chomwecho, wotsala n'kukhala mbali ya nthaka ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100, makilogalamu 40 mpaka 80 basi. Mizu imawonjezera wake, ndipo wa mizu amakhalitsa kuposa wa mapesi popeza ali kale m'kati mwa dothi. Mukuona kuti ngakhale wobweza mapesi onse, ngati akulima chimanga chokhachokha, nthawi zambiri amangochepetsa liwiro la kutsikako. Kuli bwanji inu amene zaka zonsezi mwakhala mukubweza mizu yokha.

Tsono tiyerekeze kuti mwasiya feteleza. Ekala yomweyo ikupatsani matumba 5 kapena 6, timapesi tonyozoloka, mizu yochepa. Cholowa m'nthaka chatsika kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa atatu, chotuluka chikupitirirabe, ndipo chimanga chosowa chakudyacho chizidalira nayitirojeni wochokera ku zowolerana zochepa zomwe zatsalazo. Kumeneko n'kuwonjezera njala pakhomo popanda phindu lililonse ku nthaka.

Zimenezi zinayesedwa kwa zaka zambiri. Ku Rothamsted ku England kuli munda woyeserera wotchedwa Broadbalk, womwe akhala akulimamo tirigu kuyambira mu 1843. Zigawo zothiridwa feteleza yekha zili ndi kaboni wochulukirapo pang'ono kuposa zosathiridwa kanthu, koma zothiridwa manyowa a m'khola matani 35 pa hekitala chaka chilichonse zili ndi kaboni woposa kuwirikiza kawiri. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Kabete m'dziko la Kenya, kafukufuku wa chimanga ndi nyemba amene anayamba mu 1976 anaonetsa kuti kaboni anatsika m'zigawo zonse, koma anatsika pang'ono momwe anaphatikiza feteleza, manyowa ndi kubweza mapesi, ndipo anatsika kwambiri momwe ankachotsa mapesi osathiramo manyowa. Mwana wanu mwina anawerenga za akatswiri a pa yunivesite ya Illinois ku America amene mu 2007 analemba kuti pa minda yoyeserera ya Morrow, yomwe inayamba mu 1876, kaboni anatsika momwe munkathiridwa nayitirojeni wambiri. Mfundo yawo ili ndi pogwira: nayitirojeni amadyetsanso tizilombo ta m'nthaka, ndipo tikakhuta timagaya zinyalala mofulumira. Koma akatswiri anzawo ambiri anatsutsa momwe anawerengetsera, komanso milingo ya feteleza ya kumeneko ndi yoposa kutali matumba anu awiriwa.

Pali choipa chimodzi chimene feteleza amachitadi, ndipo musachinyozere: amawawasitsa nthaka. Nayitirojeni wa yureya akamasinthika m'dothi amasiya asidi. Kuti muthetse asidi wochokera ku thumba limodzi la yureya la makilogalamu 50 pamafunika laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 40. Salufeti wa amoniya ndiye woposa: thumba lake lili ndi nayitirojeni wosakwana theka la wa yureya, koma asidi wake amafuna laimu woposa makilogalamu 50. Chaka chimodzi sizioneka, koma zaka 15 kapena 20 zikawunjikana pH, muyezo wa kuwawasa kwa nthaka umene umatsika asidi akachuluka, imatha kutsika kupitirira 5.5. Zikafika apo aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, fosifolasi amamangika moti chimanga sichimupeza, nyongolotsi zimachepa, ndipo mtedza ndi soya sizichita timatuza tambiri kumizu. Mbewu ikafooka, zobwerera m'nthaka zimachepanso. Vutoli limakula kumadera okwera, a mvula yambiri, monga Chigumula ndi Bvumbwe, kusiyana ndi kumunsi kotentha cha ku Lirangwe ndi Mdeka, komabe munda wothiridwa yureya zaka zambiri ngati wanuwu uyenera kuyezedwa. Laimu musagule mongoganizira; mlingo wake umadalira zotsatira za kuyezako.

China chimene mwachitchula mongodutsa ndi kutsetsereka kwa munda. Kafukufuku wa kukokoloka kwa nthaka m'Malawi anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala pachaka, omwe ndi pafupifupi matani 12 pa ekala. Ngati dothilo lili ndi kaboni 1 pa 100, makilogalamu 120 a kaboni apita, kuposa amene mapesi a chaka chonse akanasiya. Choipitsitsa n'chakuti madzi amasankha dothi lopepuka, lakuda, lomwe ndi lachonde, n'kukusiyirani lotuwa lija. Aliyense wa mu Blantyre anaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, zimene madzi amachita pamalo otsetsereka opanda chophimba. M'munda mwanu zomwezo zimachitika mwakachetechete mvula iliyonse yamphamvu. Choncho musanaganize za manyowa, mizere itsate akalozera, mutseke mizere ndi ngonyeka kuti madzi aziima n'kulowa pansi, ndipo pa akalozerapo mudzalepo vetiva. Kuthira manyowa pamunda wokokoloka n'kuthirira wa kumunsi kwanu.

Nanga muchite chiyani ndi matumba awiri aja? Chimanga cha haibulidi amachilangizira makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala, omwe ndi pafupifupi 37 pa ekala. Thumba la wokulitsa lili ndi 11.5, la yureya 23, pamodzi 34.5. Ndiye kuti matumba anuwo ndi a ekala imodzi, osati imodzi ndi theka. Langizo langa n'lakuti muthire onse pa ekala imodzi, theka linalo mudzalemo mtedza ndi nandolo, kapena soya, ndipo chaka chilichonse muzisuntha gawo la mbewu za mtundu wa nyembali mpaka lizungulire munda wonse m'zaka zitatu. Wokulitsa alowe podzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera, wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi, nthaka ili yonyowa. Boolani kadzenje masentimita 10 kuchokera paphesi, thirani, kwirirani. Yureya wosiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo amauluka, ndipo kafungo koboola mphuno kamene mumamva m'munda wothiridwa mosakwirira ndi ndalama zanu zikupita.

Pa mapesi ndi pomwe pali ntchito, chifukwa vuto lake si la ulimi wokha, ndi la mudzi. Mukangokolola anthu amamasula mbuzi, ndipo pofika Ogasiti moto wa osaka mbewa wayamba. Moto umapsereza pafupifupi kaboni yense wa m'mapesi pamodzi ndi nayitirojeni ndi salufa, n'kusiya phulusa loti mphepo ya Okutobala iuluze. Njira yachidule ndi kuwojeka: mukangochotsa chimanga, mu Epulo kapena Meyi dothi likadali ndi kachinyezi, gonekani mapesi m'makwawa n'kuwakwirira pang'ono ndi dothi. Okwiriridwa sapsa, mbuzi siziwapeza, ndipo amayamba kuwola mvula isanabwere. Amene mukufuna kudyetsa mbuzi atuteni muzikadyetsera kukhola, kuti ndowe zake muzibweze kumunda m'malo moti zikagwere kudambo kwa eni. Za moto, munthu mmodzi sangathane nazo. Ikambeni ndi amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti pakhale lamulo ndi chindapusa, ndipo lambulani m'malire mwa munda.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ulesi alimi ambiri chaka choyamba. Mapesi a chimanga ali ndi magawo pafupifupi 60 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni, pomwe tizilombo towoletsa timafuna chakudya cha magawo 25 pa limodzi. Tizilomboti tikapeza mapesi ambiri osawola timabwereka nayitirojeni wa m'dothi, yemweyo amene chimanga chanthete chikufuna, ndipo munda umachita chikasu masabata oyambirira. Mlimi amaona ngati mapesi amuwonongera munda. Nayitirojeniyo sanatayike, amabwerera tizilomboto tikafa, koma chimanga chimakhala chitabwerera kale m'mbuyo. Popewa izi kwirirani mapesi msanga osati mu Novembala, sakanizani ndi masangwi a mtedza kapena masamba a nandolo, ndipo musachedwetse wokulitsa. Apa mpamene feteleza ndi mapesi zimafunana: nayitirojeni pang'ono amathandiza kuti kaboni wa mapesi asanduke matupi a tizilombo, ndipo zotsalira za matupi amenewo zikamatirira ku dongo ndizo zimakhala zaka zambiri m'nthaka. Chiswe nacho anthu amachiopa, koma chimakonda zouma. Chikapeza mapesi akale nthawi zambiri chimatanganidwa nawo, ndipo tinjira take timalowetsa madzi. Mapesi amene anagwidwa kwambiri ndi kapuchi ndi bwino apite pamulu wa kompositi kuti kutentha kuphe mphutsi.

Manyowa ndiwo amakweza kaboni mofulumira kuposa china chilichonse, bola akhale okwanira. Mlingo woyambira ndi matani 2 pa ekala. Mukadzala phando limodzi mbewu imodzi, masentimita 25 pakati pa mapando ndi 75 pakati pa mizere, ekala imakhala ndi mapando oposa 21,000, ndiye matani awiriwo amakwana dzanja limodzi lodzaza paphando. Ngati manyowa ndi ochepa musawamwaze munda wonse. Sankhani kachigawo, kathireni mokwanira, chaka chamawa musunthire pena. Dziwaninso kuti manyowa a ng'ombe kapena mbuzi a m'makola athu nthawi zambiri amakhala ndi nayitirojeni 1 pa 100 kapena kucheperapo, choncho matani 2 ali ndi makilogalamu 20, osafika thumba limodzi la yureya, ndipo si onse amene amatuluka chaka choyamba. N'chifukwa chake manyowa salowa m'malo mwa feteleza, amagwira naye ntchito. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo kuzungulira Blantyre kuno oweta nkhuku ndi ambiri. Koma zaziwisi zimapsereza mbewu, ndipo zosakanikirana ndi utuchi wambiri zimabwereka nayitirojeni ngati mapesi aja, ndiye ziyambe zawola. Mulu wa ndowe wosiyidwa padzuwa ndi pamvula umataya mphamvu yambiri. Uikeni pamthunzi, muufunditse ndi udzu.

Ngati ziweto n'zochepa, pangani kompositi, kaya wa chimato, wa changu kapena wa m'dzenje. Dulani mapesi m'tizidutswa totalika ngati chala, yalani gawo lokhuthala ngati chikhatho choimika, pamwamba pake zobiriwira monga masamba a nandolo, a mtengo wa gilisidiya kapena udzu wosabereka, kenako ndowe pang'ono ndi dothi lakuda lowaza, n'kuthirira gawo lililonse. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno kapena pachifuwa. Chinyezi chake chikhale choti mukafinya m'manja madzi angotsala pang'ono kudontha. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku ochepa mukaizula izikhala yotentha ndi yonyowa. Ikatuluka yozizira ndi youma, madzi achepa. Ikatuluka ndi fungo la zovunda, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, mutembenuze. Wa chimato mumamata ndi dothi kunja n'kusiya kabowo pamwamba, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala atapsa, wakuda, wosazindikirika kuti anali mapesi.

Za feteleza wa Mbeya ndinene mosabisa. Kasakanizidwe kake kamasiyana malinga ndi wophunzitsa, koma kofala n'kotenga makilogalamu 10 a feteleza wa kusitolo, kusakaniza ndi ndowe, gaga, phulusa ndi madzi pang'ono mpaka thumba la makilogalamu 50 lidzaze, n'kulimanga m'pulasitiki masiku 21. Ubwino wake ulipo: ndowe ndi gaga zimabweretsa michere ina ndi zowolerana pang'ono paphando penipeni, ndipo kwa amene sangakwanitse matumba awiri ndi bwino kuposa kudzala popanda kanthu. Koma ngakhale thumba limodzi la kusitolo limatulutsa matumba asanu a Mbeya, mphamvu yake sisanduka ya matumba asanu. Makilogalamu 10 a yureya ali ndi nayitirojeni wokwana 4.6, ndowe ndi gaga zimangowonjezera pang'ono, ndipo phulusa likakumana ndi yureya wonyowa limauluza wina, paja mukamasula thumbalo fungo lake limatulutsa misozi. Pa nkhani ya kaboni ndiye n'zochepa kwambiri: matumba awiri a Mbeya pa ekala ndi makilogalamu 100, pomwe tikukamba za matani. Chimodzimodzi mankhwala a m'mabotolo opopera masamba amene ogulitsa ena amati amabwezeretsa chonde. Lita imodzi singachite ntchito ya ngolo za manyowa.

Mwayi wa ife a kum'mwera kuno ndi nandolo, yemwe timamudziwa kale ndipo msika wake ku Limbe ulipo. Mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kuboola pouma, amadzipangira nayitirojeni wake, ndipo amayoyola masamba chilimwe chonse pamene munda wa chimanga chokha uli mbee. Kaya ndi wa mtundu wa Mthawajuni kapena wa Mwaiwathualimi, chofunika n'chakuti masamba oyoyokawo asasesedwe kapena kutenthedwa, ndipo mitengo yake ikhale nkhuni zanu m'malo mwa mapesi. Mtedza mukafukula, thotholerani kumunda komweko kuti masangwi atsale. Kalongonda amaphimba nthaka bwino kwambiri pagawo lomwe laguga moti chimanga sichikuchitanso kanthu. Gilisidiya anayesedwa nthawi yaitali pamodzi ndi chimanga ku Makoka ku Zomba kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zokolola ndi zowolerana za m'nthaka zinakwera kuposa pa chimanga chokha, makamaka pophatikiza ndi feteleza pang'ono. Amadzalidwa m'khwawa, kulumpha khwawa limodzi, masentimita 90 pakati pa mitengo, n'kumadulidwa masentimita 30 kuchokera pansi kawiri kapena katatu pa nyengo, masamba n'kukwiriridwa m'mizere. Mukachedwa kudula amachita mthunzi n'kupha chimanga, ndipo phindu lake limayamba kuoneka chaka chachitatu. Msangu ndi wa zaka zambiri, koma ukamera wokha m'munda musaudule.

Ulimi wa mtayakhasu, wophimbira ndi mapesi osagalauza, ndi wabwino posunga chinyezi ndi kuletsa kukokoloka, ndipo kumadera a ng'amba monga kwanuko umapulumutsa chimanga mvula ikadula mu Januwale. Koma kafukufuku wa m'maiko a kum'mwera kwa Africa kuno wapeza kuti kaboni amene umawonjezera ndi wochepa ngati zophimbira zili zochepa. Kungotaya khasu pamunda wopanda mapesi kumaumitsa dothi n'kuchulutsa udzu.

Musayembekezere kusintha kwa chaka chimodzi. Kukweza kaboni kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.1 pa 100 ndi tani yathunthu pa ekala, ntchito ya zaka zingapo ngakhale kwa wolimbikira, ndipo dothi la mchenga silisunga wambiri ngati la katondo kapena makande. Zimene zimabwera msanga, pa nyengo yachiwiri kapena yachitatu, ndi madzi kuyamba kulowa pansi, khasu kulowa mosavuta, nyongolotsi kuoneka, ndi chimanga kupirira ng'amba. Mutha kudziyezera nokha. Tengani chibuluma chouma chachikulu ngati dzira pakati pa munda, china m'malire momwe muli udzu wosalimidwa. Ikani chilichonse pang'onopang'ono m'tambula ya madzi oyera. Cha m'malire chimatulutsa tithovu koma chimakhalabe chogwirana, madzi ali mbee. Cha pakati pa munda woguga chimasungunuka nthawi yomweyo, madzi n'kuchita matope. Bwerezani chaka chilichonse mwezi womwewo, pamalo omwewo.

Kuyezetsa kwenikweni pitani kudzera kwa alangizi a zaulimi a dera lanu, omwe angakuthandizeni kutumiza dothi ku malo a kafukufuku a Bvumbwe kapena Chitedze. Tengani dothi mukakolola, musanathire kalikonse. Yendani mokhotakhota m'munda, kumbani malo 10 mpaka 15 kuya masentimita 20, pewani pachulu, pomwe panatenthedwa zinyalala ndi pansi pa mitengo. Sakanizani m'ndowa yoyera yomwe simunakhalepo feteleza, tapani theka la kilogalamu, umitsani pamthunzi, lembani dzina la munda ndi mbewu zomwe munalima. Kumtunda ndi kumunsi kwa munda mutenge padera. Pemphani kuti ayeze pH, kaboni ndi fosifolasi. Kaboni wochepera 1 pa 100 pa katondo ndi wotsika, ndipo pH yochepera 5.5 ikufuna laimu, amene amathiridwa mwezi umodzi kapena iwiri mvula isanagwe n'kusakanizidwa ndi dothi, osati pamodzi ndi yureya.

Musadikire chilimwe kuti muitane alangizi ngati muona izi chimanga chili m'munda: masamba ofiirira ngati bulugamu wanthete ngakhale munathira wokulitsa, zomwe zimaloza fosifolasi womangika ndi asidi, mizere yoyera m'masamba a chimanga chaching'ono, chizindikiro cha kusowa zinki, masamba apamwamba achikasu apansi ali obiriwira, komwe n'kusowa salufa osati nayitirojeni, kaufiti wochuluka, amene amakonda nthaka yoguga ndipo ayenera kuzulidwa asanachite maluwa, kapena ngalande zoyamba kung'ambika m'munda. Zulaninso phesi limodzi la chimanga ndi nandolo mmodzi muone mizu. Ikakhala kuti yapindikira m'mbali m'malo molowa pansi, ndiye kuti pansi pa mizere pachita gawo lolimba chifukwa cha khasu logunda pamalo amodzi zaka zambiri. Limenelo liyenera kuswedwa kamodzi ndi piki kapena khasu lalitali m'chilimwe, kuya masentimita 30, manyowa asanalowe.